Chinkhwe Chotera Paphewa

Panali mayi wina, dokotala wa zinyama, dzina lake Kaliwo. Anzake a kusukulu anasankha ng'ombe ndi nkhuku, iye anasankha zinkhwe. Ankakhala m'mphepete mwa nkhalango ya mitengo ya tsanya, kuchiza mbalame zolandidwa kwa osaka n'kumazibwezera kuthengo. Abale ake ankamuseka kuti sukulu yonse ija anaphunzirira kudzapukuta zitosi. Iye ankangoseka nawo.

Tsiku lina olondera nkhalango anamubweretsera dengu la zinkhwe, nthenga zitamatana ndi ulimbo. Pansi penipeni panali kamwana, maso ali tsinzi, kozizira ngati kafa kale.

"Aka musavutike nako, adokotala," anatero a Matewere, mkulu wa olondawo. "Sikafika mawa."

"Za mawa tidzaziona mawa," anayankha mayiyo.

Anakatsuka ulimbo ndi mafuta ophikira. Anakafunditsa kansalu n'kukaika pachifuwa pake. Ankakamwetsa phala ndi jakisoni wopanda singano, kadontho kadontho. Kanachira, kanamera nthenga zobiriwira, kanakula n'kukhala chinkhwe chokongola.

Koma pochira paja chinaphunzira chinthu chimene dokotala sanafune kuchiphunzitsa. Chinayamba kuyesa munthu mayi wake. Zinzake zikaona munthu zinkathawira kudenga la khola, icho chinkatera paphewa n'kumaseweretsa ndolo. Mayiyo ankadziwa bwino kuti mbalame yobwerera kuthengo siyenera kuzolowera dzanja. Ankaphunzitsa ena zomwezo. Koma mtima suwerenga mabuku. Tisabise, anachikonda chinkhwecho ngati mwana wobala yekha.

Nthawi yomasula zinkhwezo inakwana. Anaziyeza magazi zonse, napeza kuti palibe chimene chili ndi nthenda yothothola nthenga yomwe ingakapatsire zakuthengo. Chilichonse anachiveka kamphete ka mtundu wakewake kumwendo kuti adzachizindikire. Kenako iye ndi a Matewere ananyamula khola kupita nalo m'nkhalango, natsegula chitseko. Zinkhwe zonse balala, kukatera pamwamba pa tsanya. Chija chinazungulira mtengowo, n'kubwerera paphewa pa dokotala. Chinalira mokondwa. Zinzake zitamva, zinayamba kutsika nthambi ndi nthambi, kulondola mawuwo.

"Ha! Mwana wakana kuchoka pamsana pa amake uyu," anaseka a Matewere.

Mayiyo sanaseke. Ankadziwa momwe osaka amagwirira zinkhwe. Amatenga chimodzi chozolowera anthu, n'kuchimangirira panthambi yopaka ulimbo. Chikalira, gulu lonse limatera. Chinkhwe chakechi sichikanafunika n'chingwe chomwe. Chikanatera chokha paphewa la munthu aliyense wodutsa ndi thumba, n'kuitanira zinzake ku imfa.

A Matewere ataona nkhope yake anasiya nthabwala. "Tingochibweza, adokotala, chizikhala nanu kunyumba. Angakuneneni ndani?"

"Sindinachichize kuti chikakalambire muwaya, bambo," anatero mayiyo. "Ndibwerekeni thumba lanulo."

Anachichotsa paphewa. Anachigwira momwe amagwirira osaka, mapiko onse m'dzanja limodzi. Poti anali dokotala, ankadziwa pofinya popanda kuthyola fupa. Anachiponya m'thumba, nalikhutchumula uku akukuwa ndi mawu amene chinkhwecho chinali chisanamvepo pakamwa pake. Potulutsa, chinamuluma chala mpaka magazi. Anachitaya m'mwamba. Chinatera pakanthambi kapafupi, n'kumamuyang'ana mutu uli pambali, ngati chikufunsa chomwe chalakwa. Apa mpamene panali povuta. Mayiyo anatapa mchenga n'kuchiwaza, natola ndodo n'kumenya pansi.

Chinkhwe chinauluka. Chinalira kulira kwina, kwakuthwa, kochenjeza, ndipo gulu lonse linanyamuka nacho kulowera m'kati mwa nkhalango.

Dokotala anakhala pansi n'kulira ngati wafedwa. A Matewere anatembenuka, namachita ngati akumanga chingwe cha nsapato.

Dzinja linadza, linapita. Mayiyo anabwerera m'nkhalangomo ndi a Matewere, atatenga magalasi oonera patali, kukafufuza ngati mbalame zake zinapulumuka. Anayenda mpaka dzuwa kufika paliwombo. Pamapeto pake anachiona chinkhwe chake chija pakhomo pa mphako ya tsanya, kamphete kali kumwendo, chikudyetsana ndi chinzake chakuthengo. Anasendera pang'ono, tsamba louma linathyoka kuphazi.

Chinkhwe chinacheuka. Chinamuyang'ana mayi amene anachifunditsa pachifuwa. Kenako chinakuwa, mtengo wonse unachita phwii, osatsala n'chimodzi chomwe.

"Chosayamika!" anatero a Matewere. "Ngakhale moni?"

Mayiyo anatsitsa magalasi, misozi ili m'masaya, koma akuseka.

"Chisiyeni, bambo," anatero. "Lero ndiye chachira."

Tsono inu makolo, inu aphunzitsi, inu nonse amene mukulera wina, mvetserani. Kufunditsa ndi kumwetsa phala ambiri timatha, chifukwa wolandirayo amatithokoza pomwepo. Mayi uja ndimamulemekeza chifukwa cha mchenga uja. Analolera kudedwa ndi chimene ankachikonda kuti chikhale ndi moyo, icho ndi zinzake. Akulu anati chifundo chinapha nkhwali. Mwana amene simunamuuzepo kuti ayi adzatera paphewa la aliyense womusekerera, ndipo sadzapita yekha, adzaitana ndi ang'ono ake. Lolani akukwiyireni lero muli moyo. Osaka apaka kale ulimbo.