Kamphinda ndi Nyenyezi ya Kumwera

Kale, kumwera kwa dambo lalikulu la bango, kudali mkamwini dzina lake Kamphinda. Ntchito ankagwira ndithu, koma phuma lake, ana inu, ndilibe nalo mawu. Phala ankamwa likadali kubwata. Atangofika pamudzipo, alamu ake adamulangiza kuti dzuwa likamlowera ali padambo azitsata nyenyezi yowala. Asanafotokoze kuti nyenyezi yake ndi iti, mwamuna uja adali atanyamuka kale, akuti wamva.

Tsiku lina m'nyengo ya mphepo ya mwera, nthawi ya mkazi wake Nangozo idakwana, koma mwana adakhala mopingasa. Azimayi adatuma Kamphinda kuti athamangire tsidya la dambo kukatenga mzamba, mayi Nasimango. Pobwerera dzuwa lidawalowera ali pakati pa bango lalitali, pamene tinjira tidagawikana ngati zala za nkhuku. Kanjira kouma kadali kamodzi kokha.

Posakhalitsa kumadzulo kudatuluka nyenyezi yaikulu, ili mbee!

"Mayi, si iyo! Tiyeni!" adatero Kamphinda.

"Imeneyo ndi mkazi wa mwezi, bambo. Ndi woyendayenda, lero ali uku, nyengo ina ali uko," adayankha Nasimango. "Yathu imachedwa pang'ono. Tiyembekeze."

"Tiyembekeze, mkazi wanga akufa?"

Sindikumuseka pamenepa. Mantha ake adali oona, ndipo ndani angaime chilili mnzake wapamtima ali pakati pa moyo ndi imfa? Adathamangira kumene kudali nyenyezi ija. Sadapite patali, adangoti phwa! m'thope mpaka m'chiuno. Akaphiriphitha, thope linkamumezerabe.

"Dekhani, bambo!" adakuwa Nasimango. "Gonerani pabango, muleke kupalasa. Mukamira inu, ndikafika ndi yani?"

Kamphinda adagonera bango lija. Pafupi ndi mphuno yake padali nkhono imene idabisala m'chigoba chake chifukwa cha chipwirikiti chija. Popeza adalibe kothawira, adangoiyang'ana. Bango litaleka kugwedezeka, nkhono idatulutsa mutu, kenaka tinyanga take, ndipo kunsonga kwa tinyangato kudali timaso takuda ngati njere za bonongwe. Chibadwire, munthu wamkulu ndi ndevu zake adali asanaonepo maso a nkhono.

"Tsopano kwezani maso, muyang'ane kumene kukuchokera mphepoyi," adatero mzamba uja.

Kumwera, chapakati pa nsonga za bango ndi pamutu, padaoneka nyenyezi yachikasu pang'ono. Pambali pake padali inzake yoyera, ndipo ziwirizo zidaloza tinyenyezi tinayi topingasana. Nyenyezi yachikasuyo ilipo mpaka lero. Ophunzira za kuthambo amati ndi dzuwa longa lathuli, ndipo pa nyenyezi zonse zooneka ndi maso usiku, yotiyandikira kwambiri ndi imeneyo. Amatinso ndi ziwiri zozungulirana, ngakhale ife timaona imodzi.

Nasimango adamukoka ndi nsalu yake, ndipo adatsata nyenyezi ija mpaka adamva fungo la utsi wa pamudzi. Mzamba adalowa m'nyumba. Kamphinda adakhala pakhonde, thope likuuma m'miyendo, ndipo adayembekeza modekha. Patapita nthawi, m'nyumba mudamveka kulira kwa khanda, kenaka nthungululu.

Alamu ake pomuseka ndi thope lija adamufunsa chimene adakaona kudambo. Iye adati, "Ndaona maso a nkhono. Ndikadaima pang'ono poyamba paja, mkazi wanga sakadavutika nthawi yonseyi."

Kuchokera pamenepo anthu amati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha." Tanthauzo lake ndi lakuti chinthu chofunika sichidzionetsa kwa munthu waphuma. Ndipo nthawi imene mtima ukukuuza kuti thamanga, ndi yomweyo imene uyenera kuima ndi kupenyetsetsa, pakuti chowala choyamba kutuluka sindicho chimene chimakufikitsa kwanu.