Woyimba Amene Anafufuta Nyimbo za Anzake

Kunali woyimba wina dzina lake Kaliwo, katswiri pa gitala koma wodzikonda koopsa. Iye ndi anzake khumi anatopa ndi makampani owadyera masuku pamutu, choncho anatsegula tsamba lawolawo pa intaneti, loti anthu azigulapo ndi kumverapo nyimbo zawo. Panalibe bwana, panalibe likulu. Pangano linali limodzi: aliyense azisunga nyimbo za anzake onse pa kompyuta yake, kuti kompyuta ya wina ikafa, nyimbo zisafere limodzi.

Tsiku la panganolo Kaliwo ndiye anaomba m'manja kuposa onse. Koma pasanathe miyezi itatu anajambulitsa vidiyo, akuvina pamwamba pa galimoto yobwereka, ndipo malo pa kompyuta anachepa. Anati osunga alipo ambiri, mmodzi sangagwetse tsamba. Anafufuta za anzake zonse, ndipo chondikwiyitsa n'chakuti ankafufuta uku akuimba mluzu.

Mvula yoyamba itabwera, mphenzi inaotcha kompyuta ija. M'menemo munali chimbale chimene anajambula ndi malemu mkulu wake, mawu oti sangajambulidwenso. Atapita pa tsamba, chimbalecho sichinatseguke, poti tsambalo linkatenga nyimbo pa makompyuta awo omwewo.

Anayamba kuyenda khomo ndi khomo kwa anzake aja, kufunsa chimbalecho. Uyu anati malo anamuthera, uyo anati ankayesa ena akusunga. Kaliwo anawalalatira kuti ndi anthu osasunga pangano. Iyeyo, wopanda ndi manyazi omwe!

Anatsala mayi Nasibeko, oyimba nyimbo za kwaya, amene kompyuta yawo yakale inkayaka mwa apo ndi apo, ndipo anzawo ankaiseka. Mayiwo analimbana nayo mpaka inayaka. Nyimbo za onse zinali momwemo, osasowa ndi imodzi yomwe. Kaliwo atamva mawu a mkulu wake, misozi inangoti mbwembwembwe.

Pomuperekeza mayiwo anati, "Achimwene, kompyuta yangayi yatsala pang'ono kufa. Koma ine mtima uli m'malo, poti zanga zili kwa inu."

Kaliwo anangoyang'ana pansi.

Inu amene mukundimvera, nanunso mumakonda kunena kuti tatopa ndi mabwana, tidziyendetsere tokha. Chabwino. Koma dziwani kuti bwana akachoka, ntchito imene ankagwira sichoka naye, imatsalira inu. Penapake pali munthu amene mtima wake uli m'malo chifukwa akuyesa mwamusungira chake. Pitani mukaone ngati chikadalipo.