Mvuu pa Mphambano ya Bilimankhwe

Kalekale, ana inu ndi inu akuluakulu, Mvuu anamva kuti ku mzinda wa kutsidya kuli ukwati, ndipo aphika maungu ambiri. Anakwera lole yake, mimba itakanikiza chiwongolero, nati akafike woyamba kuti akadye yekha.

Mumzindamo munalibe maloboti. Pamphambano pankakhala Bilimankhwe, pamwamba pa mtengo. Akafiira, onse ankaima. Akabiriwira, onse ankapita.

Mvuu anafika Bilimankhwe atafiira psuu, koma sanaime. Pipiii! Vuuu! Mayi Kamba, amene ankawolotsa ana awo, anagwa chagada, tayala litawapala chigoba.

Koma njira ya ku ukwati Mvuu sankaidziwa. Anazungulira, nazungulira, n'kutulukiranso pomwepo.

"Iwe kabuluzi! Ukwati uli kuti?"

"Bwana, kuno ndikafiira mumaima."

"Kwathu wamkulu ndiye amayamba kudutsa!"

Bilimankhwe anaponya diso limodzi kwa ana a Kamba amene ankalira, lina kwa Mvuu.

"Pepani bwana, sindinaone kukula kwanu. Mukuchiona chikwangwani chofiira icho, cha mzere woyera pakati? Chimaletsa ife achabechabe. Imeneyo ndi njira ya akuluakulu okha, yachidule. Maungu mukawapeza akadali otentha."

Mvuu anameza malovu, gwidyo! Analowa.

Kamsewuko kanali kopapatiza, ndipo chikwangwanicho chinkaletsa aliyense kulowera mbali imeneyo. Asanapite patali, anakumana ndi basi yodzaza ndi opita ku ukwati, akuimba ndi kululutira. Tsiiii! Mphuno ndi mphuno.

"Bwerera m'mbuyo!" anakuwa Mvuu. "Wamkulu ndiye amayamba kudutsa!"

Chitseko cha basi chinatseguka. Dalaivala anatsika pang'onopang'ono, basi n'kutukuka ngati yatula katundu. Anali Njovu.

"Mwati chiyani, achimwene?"

Mvuu anayang'ana m'mwamba, nayang'anabe m'mwamba.

"Ndimati... mwaswera bwanji, akulu?"

Anayamba kubwerera chafutambuyo. Koma khosi la Mvuu mumalidziwa, silicheuka. Kumanja gu! Kumanzere gu! Kenako m'ngalande phuvu!

Basi inadutsa, nthungululu zili lululu. Mvuu anaswera m'matope, fungo la maungu likumupeza ndi mphepo. Pobwera ku ukwatiko, ana a Kamba anamuponyera makoko, ndipo iye, manyazi pambali, anadya.

Lole ya nthano yanga yathera mafuta pamenepa, tsikani. Koma mukapita kwa eni, werengani zikwangwani ndi maso. Mimba siidziwa kuwerenga.