Oyambitsa Nyimbo Okhaokha

Mu tauni ina munali mayi wina wosoka zovala amene anasankhidwa kukhala wapampando wa bungwe la magulu a zovina. Magulu ake anali ang'onoang'ono. Lina linkaphunzirira m'galaja ya munthu, lina m'kalasi ana akaweruka. Lina linali kuseri kwa chigayo, kumene ng'oma inkalimbana ndi phokoso la injini. Gulu la kuchigayoli linali la Nasuluma, mayi wolankhula mosapsatira, yemwe ankaphunzitsa atsikana chimtali kuti asamangoyendayenda pamsika.

Tsiku lina bungwe lija linaitanidwa kukavina pa chionetsero chachikulu kubwalo la masewero. Wapampando anali munthu woopa manyazi, ndipo mtima wake sunakhazikike. Anaitanitsa komiti, nagwirizana kuti gulu lililonse lipereke akatswiri ake awiri, woyambitsa nyimbo ndi woimba ng'oma yaikulu. Amenewa apange gulu limodzi lamphamvu, ndipo aziphunzira kuholo ya m'tauniyo masana aliwonse.

Nasuluma anapereka Tiyanjane, mtsikana wake woyambitsa nyimbo, pamodzi ndi woimba ng'oma, koma pakamwa sanatseke.

"Mayi, mwathyola ngayaye m'minda yonse kuti mukongoletse pabalaza. Tidzaonana pokolola."

Wapampando anaseka, nati Nasuluma ankadandaula ngakhale pa tsiku la ukwati wake.

Kuholo zinthu sizinayende. Wapampando akakweza dzanja, onse ankayamba nyimbo nthawi imodzi, aliyense ndi mawu ake, kenako onse n'kukhala chete kudikira owalandira. Panalibe wolandira, chifukwa kwawo aliyense anazolowera kulandiridwa. Oimba ng'oma nawo ankakanganirana ng'oma yaikulu. Kang'oma kakang'ono kosunga mayendedwe a gule kanangogona pakona, poti aliyense ankati sanabwere kudzagwira ntchito ya ana.

Masana ena wapampando anapita kuchigayo kukayesa atsikana malaya ovinira. Ng'oma sanaimve. Anapeza atsikana ochepa atakhala pa matumba a madeya, akuthyola udzu. Nasuluma anamuuza kuti makolo ayamba kuletsa ana awo kubwera, popeza kulibe chochitika, ndipo mwini chigayo wanena kuti malowo akapitiriza kukhala chomwecho amangapo khola la nkhuku.

"Olandira nyimbo ndi awa mwawaonawa, mayi. Woyambitsa ali kwa inu. Tiimbe chiyani?"

Wapampando anabwerera kwawo malaya ali m'manja. Anaona kuti kuholo kuli oyambitsa opanda owalandira, ndipo kuchigayo kuli olandira opanda wowayambira. Akapitiriza, mwina akatswiri aja akanazolowerana tsiku lisanafike, koma gulu la Nasuluma likanatha, ndi ena otero. Akabweza akatswiriwo, bungwe likanakalowa m'bwalo ndi ana osokoneza mapazi, pamaso pa khamu.

Anaitananso komiti, nati akatswiri aja abwezedwe ku magulu awo. Bambo wina wa m'komitimo anati akatero adzakhala choseketsa cha tauni yonse. Koma wapampando anayankha.

"Manyazi a tsiku limodzi tidzawapirira, bambo. Gulu likafa, ana aja tidzawapeza kuti?"

Katswiri aliyense anabwezedwa kwawo. Maphunziro a kuholo anatha. M'malo mwake komiti ndi imene inkayendera magulu, lero kugalaja, mawa kuchigayo, itanyamula zikopa za ng'oma ndi malaya. Anapangana nyimbo imodzi yoti magulu onse aiphunzire, aliyense kwawo.

Tsiku la chionetsero magulu analowa m'bwalo athunthu, aakulu ndi ana omwe. Khamu linayamba kunong'onezana litaona tiatsikana tina tovala malaya otifika m'mapazi. Kenako Tiyanjane anaima pakati yekha, nayamba nyimbo ndi mawu ake opyapyala. Asanatseke pakamwa, magulu onse analandira pamodzi, ndipo mawuwo anagunda ngati mvula pa denga la malata. Kang'oma kakang'ono kanagwira mayendedwe, ng'oma yaikulu inalankhula pamwamba pake, fumbi linakwera. Anthu anaimirira m'mipando, nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Makolo amene analetsa ana awo ndi omwe ankakankhana kutsogolo, aliyense akuloza kuti uyo ndi wanga. Sabata yotsatira kuseri kwa chigayo ana anachuluka mpaka malo anachepa.

Abale ndi alongo, mpingo wathu uli ngati bungwe lija, ndipo miphakati ndi mabanja athu ndiwo magulu ang'onoang'ono. Zochitika za patchalitchi n'zabwino. Koma zikamatenga bambo lero, mayi mawa, mpaka sabata kutha, kunyumba kumatsala ana atakhala chete, kudikira wowayambira pemphero. Ife makolo a ana ang'onoang'ono timaopa kukana, kuti angatinene kuti tafooka pa chikhristu. Tisaope. Mulungu sanalenge oyambitsa nyimbo okhaokha, ndipo sakondwera ndi khamu lalikulu lomangidwa pa nyumba zopanda pemphero. Atsogoleri, musamangotiitana, bwerani kumene tikukhala. Makolo, yambitsani nyimbo kwanu. Tsiku lomwe tidzasonkhane tonse pamaso pake, ana athu adzadziwa kuilandira.