Mwendo Wachinayi wa Mpando

Chaka chimene amisiri a kwathu anaitanidwa ku chionetsero cha zaluso ku Ulaya, wotsogolera ulendo anali bwana Kaphwiti, amene luso lawo lonse linali kumanga tayi. Ataona mpando wa mlombwa umene Lufeyo wa ku Golomoti ankasema, anausirira.

"Iwe, kumeneko tikanena kuti ndinasema ndine. Ukakana, ndege sukwera."

"Palibe chovuta, bwana," anatero Lufeyo. "Ife ndi manja anu basi."

Koma mwendo wachinayi anausiya uli chipika, mpandowo n'kuukulunga m'chiguduli.

Tsiku lotsegulira chionetsero, holo inadzaza. Bwana Kaphwiti anaima pafupi ndi chigudulicho n'kumafotokozera anthu mmene matuza anawatulukira m'manja posema. Atavundukula, anangoti kakasi: miyendo itatu ndi chipika.

Lufeyo anagwada n'kuwapatsa kasemasema ndi manja awiri.

"Kwathu mmisiri wamkulu amamalizira ntchito anthu akuona," Lufeyo anauza womasulira mawu wa pachionetseropo. "Bwana akuonetsani."

Anthu anaomba m'manja, makamera n'kuyandikira. Bwana anagwira kasemasema ngati chipande. Kumenya koyamba anaphonya. Kachiwiri anang'amba nsapato yawo yatsopano, chala chachikulu n'kusuzumira kunja.

"Pitirizani, bwana, akudikira," ananong'ona Lufeyo.

"Sindine ndinasema!" anakuwa bwana uku akudumphira mwendo umodzi. "Ndi uyu! Ndi uyu!"

Womasulira anamasulira mokweza, osasiyako liwu ngakhale limodzi.

Lufeyo anatola kasemasema wake n'kukhala pansi.

"Sunthani phazi linalo, bwana, ndigwire ntchito."