Gulugufe Wopanda Mapiko

Kuseri kwa nyumba ya a Phuma kunali munda wa maapozi, ndipo ukangodumpha mpanda unali m'nkhalango. Dzina la Phuma sanabadwe nalo. Analipata chifukwa anali munthu wodula kaye, kuyeza pambuyo.

Chaka china kuzizira kutafika pachimake, masamba onse atayoyoka, m'mundamo munayamba kuoneka tiagulugufe totuwa dzuwa likamalowa. Tizilombo tina tonse tinali titabisala, koma iti tinkauluka mwaulesi ngati phulusa louluzika ndi mphepo. A Phuma anapachika nyali zinayi, pansi pake naika mabeseni a madzi a sopo. M'mawa uliwonse ankapeza mabeseni ali tho, ndipo ankaitana anansi kuti adzaone nkhondo imene apambana.

Akazi awo, amene ankadulira mitengoyo chaka ndi chaka, sanaombe nawo m'manja. Madzulo angapo ananjuta patsinde pa mtengo atafunda bulangete, maso ali pa khungwa. Kenako anang'amba masaka, nawapaka ulimbo, namanga mtengo uliwonse m'chiuno.

"Mitengo yanga yavulala liti kuti muziimanga mabala?" anafunsa a Phuma.

"Amene mukupha aja ndi amphongo okha, bambo," anatero mayiwo. "Aakazi alibe mapiko. Amatuluka m'dothi n'kukwera mtengo chokwawa, kukaikira mazira kunsonga."

"Gulugufe wopanda mapiko? Mawa mudzandiuza za nsomba yoopa madzi."

"Tangokhalani pansi pang'ono, mudzionere nokha."

"Ndikhale pansi kuzizira konseku?"

Anangoponya diso pa ulimbowo, naona tizilombo tonenepa ta miyendo italiitali titamatirira, nagamula kuti ndi akangaude. Anaonjeza kuti masakawo aoletsa makungwa. Mayi aja atapita kukasamalira mwana wawo wamkazi amene anali atangochira, a Phuma anatenga mpeni nadula masaka onse tsiku limodzi. Pobwera patatha milungu itatu, mayiwo anapeza mulu wa masaka kudzala. Anaima pamenepo kanthawi, chikwama chili m'manja, nalowa m'nyumba.

Kunja kutayamba kufunda, mitengo ya anansi inachita maluwa mbee. Ya a Phuma inaphukira monyinyirika, timasamba tili tobooka, maluwa akufota asanatseguke. Iwo anati ndi chisanu chochedwa, zikonzeka zokha.

M'mawa wina kunabwera wogula zipatso kudzaona mmene chaka chiyendere. Atalowa pakati pa munda anaima, natchera khutu.

"Kukuwaza mvula kodi?"

Kumwamba kunalibe mtambo. Chimene chinkagwa waa pa udzu chinali ndowe za mbozi. A Phuma anakweza maso. Nthambi iliyonse inali ndi timbozi tobiriwira tosawerengeka, tina tikulendewera pa ulusi, tina tikuyenda modzipinda ngati tikuyeza mtengo. Kamodzi kanawagwera m'khosi, koma dzanja loti akachotse silinadzuke. Wogula uja anakutumula chipewa chake, natsanzika mwaulemu ngati akuchoka pamaliro.

A Phuma anathamangira mankhwala, napopera mpaka mapewa kutupa, koma mbozi zinali zitadya kale maluwa kuchokera m'kati. Pa masiku khumi munda unali mbulanda, ngati kuzizira kwabwereranso.

Ndipamene anaitana mlangizi wa zaulimi. Munthuyo anathyola kanthambi, nakanda khungwa ndi chikhadabo, nawaonetsa tizikamba ta mazira tili ndandanda m'ming'alu.

"Wamkazi mmodzi amaikira mazira oposa zana," anatero mlangiziyo. "Ndipo sauluka. Njira yake ndi imodzi yokha, thunthu la mtengo. Mukanangomanga chiguduli chopaka ulimbo, bwenzi mitengo yonseyi ikubala. Palibe anakuuzani?"

Akazi a Phuma anali chapafupi, akutola nthambi zouma. Sanatembenuke.

"Anandiuza," anayankha a Phuma ndi mawu a munthu wodwala. "Anamanga ndithu. Ndinadula ndine."

Mlangizi anawayang'ana, nayang'ana mayiwo, nagwira pakamwa. Chaka chimenecho m'munda monsemo simunatuluke ngakhale dengu limodzi la maapozi, ndipo a Phuma anadziwa mochedwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.