Buku Limene Linabisidwa M'munda wa Mapira

Panali mtsikana wina, dzina lake Sigele, amene anazolowera kumva dzina lake likutchulidwa poyamba. Tsiku lotsekera sukulu, aphunzitsi aakulu ankaima pakhonde ndi pepala n'kuyamba kuti, "Nambala wani..." Asanamalize, ana onse ankakhala atatembenukira kale kwa iye, ndipo amayi ake ankaimba nthungululu kuseri kwa mpanda. Zinali choncho kuyambira Fomu 1. Sigele ankaona ngati malowo anabadwa nawo, monga anabadwira ndi mpata wa m'mano.

Sukuluyo inali sekondale yoyendera, ya malata odontha, kumapeto kwa minda ya mapira. M'Fomu 4 munali ana oposa makumi anayi, koma buku la Bayoloje linali limodzi lokha. Linkakhala m'kabati ya a Chimbalanga. Iwowa anaphunzira za Ulimi. Bayoloje anangomusenza chifukwa panalibe wina womusenza, moti nawonso ankadalira buku lomwelo. Ana ankalitenga mosinthana, aliyense masiku awiri, motsata mndandanda wa maina umene unamatidwa pachitseko.

Chaka chimenecho kunabwera mtsikana wachilendo wotchedwa Tinenenji. Ankakhala kwa azakhali ake. Ankavala nkhwaira zosoka ndi waya, ankaseka mokweza ngati ali yekha kudambo, ndipo sankachita manyazi kufunsa funso lopusa. Sigele anamuyang'ana kamodzi n'kumuiwala.

Teremu yoyamba itatha, aphunzitsi aakulu anaima pakhonde paja. "Nambala wani..." Mitu inatembenukira kwa Sigele. Kuseri kwa mpanda nthungululu inayamba. "Tinenenji."

Nthungululu ija inadukira pakati. Mitu yonse inachoka pa Sigele pang'onopang'ono, ngati mpendadzuwa wapeza dzuwa lina.

Pali kanthu kena kopanda mano koma kamatafuna, kopanda miyendo koma kamakutsata mpaka kuchigayo. Kanthu kameneko kanalowa mwa Sigele tsiku limenelo. Anayamba kudziwa zonse za Tinenenji: mmene amagwirira cholembera, mbali imene amatafunira nzimbe, anthu amene ayamba kumusungira malo pabenchi. Tinenenji akaseka, Sigele ankamva ngati akusekedwa ndi iyeyo. Tinenenji akamupatsa moni, ankafufuza chipongwe m'monimo, ndipo akachisowa ankakwiya koposa.

Teremu yachiwiri itayamba, Sigele anaima pachitseko n'kuwerenga mndandanda uja. Pansi pa dzina lake panali dzina la Tinenenji. Mumtima anati: "Wandipitirira asanaligwire bukuli. Nanga akaligwira?"

Masiku ake awiri atakwana, anabweza bukulo ana onse akuona. Madzulo a tsiku lomwelo inali nthawi yake yosesa muofesi. Kabati ija sinkakhomeka. Analitenga, n'kulikulunga m'chitenje, n'kupita nalo kumunda wa amayi ake, kumene kunali nsanja imene ankakhalapo poinga mbalame akaweruka. Analiika m'jumbo n'kulisomeka mu udzu wa denga la nsanjayo.

Lolemba, a Chimbalanga anapeza kabati ili mbee. Anasecha zikwama. Anaopseza. Analemba kalata yopempha buku lina, koma kalatayo inapita osabweranso. Tsiku lina anaima kutsogolo kwa kalasi, choko chili m'manja. Kenako anati: "Ambiri mwa inu munagona nalo bukuli kwanu. Ndiye kuti silinasowe lonse. Lili m'mitu mwanumo, zidutswazidutswa. Tikaweruka, tizikalitolera pansi pa bwemba."

Masiku oyamba sizinayende. Ana ankangoyang'anana, wina akudikira wina. Tsiku lachitatu Tinenenji anaimirira, n'kutaya khoko la nzimbe, n'kufuula kuti, "Chilape!"

Anthu anaseka, poti ana a Fomu 4 anasiya kale kuponyerana zilapi ngati tiana. Koma wina kumbuyo anayankha mwachizolowezi: "Nachize!"

"Nyumba yanga ya zipinda zinayi. Alendo alowa, atuluka, palibe wogonamo."

"Mtima!"

"Eya, koma usakhale pansi, bwana. Alendowo alowera khomo liti? Ndipo n'chifukwa chiyani khoma la chipinda chimodzi lili lochindikala kuposa lina?"

Pamenepo ndi pamene panayambira. Lamulo linali lakuti kutchula yankho sikokwanira. Woyankhayo azilongosola ndi pakamwa pake, anzake akumufunsa. Akaphonya, ena ankamukonza mwaphokoso. Akalepheratu, ankabaya ng'ombe ya pakamwa, monga amachitira wogonja pa zilapi, ndipo mawa lake ankayenera kubwera ndi chilapi chakechake. Zimene agwirizana ankazilemba m'kope limodzi.

Sigele sankapitako. Ankati amayi ake akumufuna kumunda, ndipo sanali kunama. Ali pansanja, phokoso la pabwemba linkamupeza ndi mphepo. "Asiyeni aseke," ankatero. "Buku lili ndi ine."

Ndipo ankawerengadi. Mapira ankaweyula momuzungulira ngati madzi, mbalame zinkabwera, iye n'kukoka chingwe cha zitini, mbalame n'kuthawa, iye n'kubwerera patsamba. Analiwerenga kuyambira pachikuto mpaka pachikuto, kenako anayambiranso. Masamba anamuzolowera. Ankadziwa kuti pa chithunzi cha mtima pali banga la mafuta looneka ngati phazi la nkhuku. Akatsegula paliponse, mtima wake unkati, "Izi ndikuzidziwa," ndipo panalibe womufunsa kuti, "Tanena tione."

Patapita miyezi itatu kunabwera mayeso oyeserera. Funso lachiwiri linali lofunsa chifukwa chimene khoma lina la mtima lili lochindikala. Sigele anamwetulira. Anatseka maso ndipo tsamba lija linabwera: chithunzi kumanzere, mizere yofiira ndi yobiriwira, phazi la nkhuku pakona. Anatambasula dzanja kuti agwire mawu ake. Mawuwo anauluka onse pamodzi, ngati mbalame zamva zitini.

Atatsegula maso, anaona zolembera zikuthamanga m'kalasi monse. Ngakhale anyamata a benchi yakumbuyo, amene kale ankagona pamayeso, ankalemba milomo ikugwedera, ngati akukanganabe pansi pa bwemba.

Zotsatira zitatuluka, Tinenenji anali woyamba. Sigele anali wachisanu ndi chinayi.

Kanthu kaja tsopano kanakula. Sikankatafunira Tinenenji yekha ayi. Sigele anayamba kuchitira nsanje phokoso lenilenilo, nthabwala zimene sankazimva mutu wake, ngakhale ng'ombe zobayidwazo. Tsiku lina anasiya mbalame zidye, n'kukabisala kuseri kwa chulu pafupi ndi bwemba kuti aone chimene amadyetsana kumeneko.

Anapeza kulibe kuseka. Anzake anali atafika pa mutu wa impso, ndipo mutuwo unali kumapeto kwa buku, kumene palibe aliyense anafikako. Kope lija linali lotsegula pa tsamba loyera.

"Za impso sindikunamizani, ana inu," anatero a Chimbalanga. "Ndikudziwa za mbuzi ikaphedwa. Zimene amafunsa pamayeso zinapita ndi buku."

"Kwatsala milungu isanu kuti tilembe mayeso aakulu, aphunzitsi," anatero wina.

Tinenenji anaseka pang'ono, koma osati kuseka kwake kuja. "Komatu ine bukulo sindinaligwireko n'kamodzi komwe. Likanati lindidutse pamsewu, sindikanalipatsa moni."

Mawu amenewo anamulowa Sigele ngati minga. Mtsikanayu anamupitirira kawiri, buku asanalione mkati. Ndiye iye anabisa chiyani? Miyezi itatu analondera chinthu chimene sichinali chuma cha mdani wake, pamene chuma chenichenicho ankachigawa poyera tsiku lililonse, kwaulere, ndipo yekhayo amene sanalandireko anali iye.

Anathamangira kumunda. Pobwera sanathamange. Ankadziwa dzina limene akamupatse, ndiponso kuti likafika kwa amayi ake dzuwa lisanalowe. Komabe analowa pakati pa bwalo, n'kumasula jumbo, n'kuika bukulo pansi.

Maso onse anagwera pabukulo. Kenako wina anati, "Wakuba uja ndi ameneyu!" Ena anaimirira. A Chimbalanga anakweza dzanja. "Za kuba tikamba mawa kuofesi, mayi ako ali pomwepo. Pano ndi pa impso."

Tinenenji anatola bukulo. Analitembenuza, analinunkhiza. Onse ankadikira kuti alitsegule. Iye analiika pamwala n'kulikhalira.

"Iwe nambala wani wakale," anatero, "wakhala nalo miyezi itatu wekhawekha ngati mwamuna wako. Tiponyere chilapi."

"Chilape," anatero Sigele motsitsa.

Anthu awiri okha ndi amene anayankha. "Nachize."

"Nyemba zanga ziwiri. Zichapa mtsinje usana ndi usiku."

"Impso!"

"Zichapa bwanji?" anafunsa Tinenenji.

"Zimasefa magazi. Zoipa zimatuluka ndi mkodzo."

"Nanga shuga? M'magazi muli shuga. Bwanji satuluka nawo? Sefa yako imamudziwa nkhope?"

Sigele anatseka maso. Tsamba linabwera, ndi timizere take topindikapindika. Mawu sanabwere. Ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire sukulu, ananena pagulu kuti, "Sindikudziwa."

"Baya ng'ombe!" linafuula bwalo lonse, ndipo kuseka kunabwerera pansi pa bwemba.

Anabaya. Tinenenji ananyamuka pabuku paja, analitsegula, anawerengera onse ndime imodzi, n'kulitsekanso, n'kulikhaliranso. "Tanenanso." Sigele ananena, anaphonya, anamukonza. Ananenanso. Kachitatu anafika kumapeto: shuga amasefedwadi, koma timachubu ta mu impso timamubwezera m'magazi asanapite kutali. Pobwerera kwawo analongosolera mbalame za m'mapira nkhani yonseyo, m'manja mulibe kanthu, ndipo palibe liwu limene linauluka.

Chilango chake chinali kukumba dzenje la zinyalala, mlungu wathunthu, amayi ake osamuyankhula. Malo a nambala wani sanabwerere. Tinenenji anakhalabe patsogolo, ndipo kanthu kaja sikanafe. Kankamutafunabe Sigele nthawi zina akamva kuseka kuja. Koma tsiku la mayeso aakulu, atatembenuza pepala, anapeza funso la impso. Sanaone tsamba. Anamva mawu achipongwe m'khutu mwake akuti, "Nanga shuga?" Anakukuta mano, n'kuyamba kulemba.

Tsono inu anzanga, tonse timalira kuti mabuku ndi ochepa, ndipo n'zoona, atipatse ambiri. Koma buku limene maso ako alizolowera silinalowe m'mutu mwako. Ulitseke, unene wekha zimene zili m'menemo, pamaso pa munthu amene sangakumvere chisoni ukaphonya. Aphunzitsi athu, tipatseni nthawi yofunsana, ngakhale tichite phokoso. Ndipo iwe amene uli ndi Tinenenji wako, amene dzina lake limakuwawa likatchulidwa pakhonde, usamubisire kanthu. Pita ukakhale pafupi naye, akufunse funso limene sungathe kuyankha.